Dziko lopanda kampu: pepala la asayilamu, chipinda ndi ntchito kuno ku Joni

Munthu wothawa nkhondo ya kum'mawa kwa Congo akalowa m'Malawi, boma limadziwa komuika: ku Dzaleka. Akalowera ku Zambia kuli Meheba, ku Zimbabwe kuli Tongogara, ku Botswana kuli Dukwi, ku Mozambique kuli Maratane. Koma akangowoloka Limpopo pa Beitbridge palibe womulozera msasa, chifukwa South Africa ilibe kampu ya othawa kwawo. Chimene amupatse ndi pepala la A4 lokhala ndi chithunzi chake, nambala ya fayilo ndi tsiku lothera. Kogona, chakudya ndi ya thiransipoti adzionere yekha.

Njira imeneyi ife tikuiikira kumbuyo. Munthu wamkulu, wa manja ake awiri, sayenera kukhala zaka 20 kuseri kwa waya akudikira thumba la chimanga pakutha pa mwezi. Koma boma likasankha kusamanga kampu, kusagawa chakudya ndi kusapereka nyumba, ndiye kuti katundu yense lasenzetsa pepala lija. Landilodi afuna pepala, abwana afuna pepala, kubanki ndi kusukulu chimodzimodzi, wapolisi wa pa Noord Street ndiye osanena. Likangochedwa mwezi umodzi, zonse zimagwera pamodzi ngati nkhokwe yodyedwa ndi chiswe. Zambiri zimene anthu amazitcha vuto la maforena mu Johannesburg zimayambira pa kauntala ya Home Affairs.

Tiyambe tasiyanitsa kaye, poti pakati pathu mawu oti asayilamu tidawasandutsa dzina la pepala lililonse lotchinjiriza munthu kwa apolisi. Lamulo lake ndi Refugees Act ya 1998, yomwe idayamba kugwira ntchito mu 2000. Limati wothawa kwawo ndi munthu amene ali ndi chifukwa chomveka choopera kuzunzidwa kaamba ka mtundu wake, fuko, chipembedzo, maganizo a ndale, kukhala mkazi kapena mwamuna, kapena gulu la anthu limene alimo. Limawerengeranso amene athawa nkhondo kapena chipwirikiti chachikulu, monga lidanenera pangano la OAU la 1969, pamodzi ndi a m'banja mwawo. Amene nkhani yake ikadali m'manja mwa boma amagwira pepala la gawo 22 la lamuloli. Amene wavomerezedwa amalandira la gawo 24, la zaka zinayi, ndipo angathe kufunsira chiphaso ndi chikalata choyendera. Njala, ulova ndi kugwa kwa kwacha mulibemo m'lamuloli, ndipo mfundo imeneyi tibwereranso chifukwa ikutikhudza Amalawife kwambiri.

Powerenga m'buku, ndondomeko yake ndi yaifupi. Munthu amanena pa boda pomwepo kuti wabwera kudzapempha chitetezo, ndipo amamupatsa viza ya masiku asanu pansi pa gawo 23 la Immigration Act. M'masiku asanuwo akhale atafika yekha, osatuma munthu, ku ofesi yolandirira othawa kwawo. Maofesiwa alipo asanu dziko lonse lino: Musina, Pretoria, Durban, Gqeberha ndi Cape Town. Kumeneko amalemba fomu ya DHA-1590, kudinda zala, kujambulidwa, n'kutchula onse amene amawasamala, ngakhale amene adatsala m'mbuyo. Apa ambiri amaphonya. Mwana amene simudamulembe tsiku loyamba, kudzamulowetsa m'fayilo pambuyo pake ndi ntchito ya kalavulagaga, nthawi zina mpaka kukayezetsa DNA. Kuyambira fomu, womasulira, mpaka pepala lenilenilo, zonse ndi zaulere.

Mwaona kuti Johannesburg palibe pa mndandandawo. Mzinda umene umakoka alendo ochuluka chotere ulibe ofesi yakeyake. Idalipo ku Crown Mines, koma idatsekedwa mu 2011 eni mabizinesi oyandikana nayo atakadandaula kukhothi za khamu la anthu pamsewu, ndipo siidatsegulidwenso pena paliponse mumzinda muno. Chaka chomwecho ya ku Port Elizabeth, komwe lero ndi Gqeberha, idatsekedwa, ndipo ya ku Cape Town idasiya kulandira atsopano mu 2012. Makhothi adalamula kuti zitsegulidwe, boma n'kuzengereza zaka: yoyambayo idatsegulidwa mu 2018, inayo mu 2023. Ndiye wa ku Rosettenville kapena ku Berea amayenera kupita ku Marabastad, ku Pretoria, ku ofesi yomwe idapatsidwa dzina la Desmond Tutu mu 2017. Ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 60, kunyamuka kusanache, kutaya tsiku la ganyu, mwinanso kukabwezedwa pageti.

Pachimake pa zonse ndi tsiku lofunsidwa mafunso. Mkulu mmodzi, amene m'makalata amamutcha RSDO, amamva nkhani yanu n'kugamula. Akavomera, ndiye gawo 24 lija. Akakana ponena kuti nkhaniyo ilibe maziko okwanira, muli ndi masiku 10 ogwira ntchito oti mupereke apilo ku Refugee Appeals Authority. Koma akalemba kuti nkhani yanu siikukhudzana n'komwe ndi zifukwa za m'lamulo, kapena kuti ndi yopeka, apilo palibe. Fayilo imangopita ku Standing Committee for Refugee Affairs, komwe amaiunika inu kulibe, ndipo pakamwa panu ndi kalata yokha imene mungalembe. Kusiyana kwa zigamulo ziwirizi ndi mawu amodzi kapena awiri Achingerezi pa kalatayo, ndipo anthu ambiri amasayinira kuti alandira asakudziwa kuti ndi chiti. Chimene chimagwetsa nkhani zenizeni kawirikawiri ndi kusemphana kwa zimene zidalembedwa pafomu tsiku loyamba ndi zimene munthu wanena pofunsidwa: chaka china, dzina la mudzi lolembedwa mwina, womasulira amene adadula mawu pakati. Pemphani kuti akuwerengereni zimene alemba musanasayine. Mukalandira kalata yokukanani, tsiku lomwelo kapena mawa lake ipite kwa maloya osalipiritsa, monga a Lawyers for Human Rights ku Braamfontein, a Wits Law Clinic kapena a ProBono.Org. Masiku 10 sachedwa kutha, ndipo kukatsegula mlandu ku High Court pambuyo pake kulinso ndi malire ake a masiku 180.

Malamulo a mu 2000 ankayembekeza kuti nkhani ya munthu izigamulidwa m'masiku 180. Zimene zidachitika n'zina. Mkulu wolondoloza chuma cha boma adawerengera kuti pa liwiro limene maapilo ankayendera, mulu wake ukadatenga zaka 68 kuti uthe. Mu 2021 Home Affairs ndi UNHCR, nthambi ya United Nations yoona za othawa kwawo, adasayinirana pangano la madola 9.6 miliyoni loti achepetse mafayilo oposa 150,000 m'zaka zinayi. Ndiye n'zosadabwitsa kupeza bambo wa ku Ethiopia kapena mayi wa ku Kivu amene wakhala pa gawo 22 zaka 15, akuwonjezeredwa miyezi isanu ndi umodzi, miyezi isanu ndi umodzi, mwana wake wobadwira ku chipatala cha Rahima Moosa mpaka kufika sekondale. Chowawa china n'chakuti zaka 10 zimene munthu amadikira kuti afunsire kukhala kuno mpaka kalekale zimayamba kuwerengedwa tsiku limene wavomerezedwa. Zaka 15 zodikira zija zimangopita m'madzi.

Kuwonjezera masiku, kumene ambiri timangoti kurinyuwa, kudasintha ndi Covid-19. Maofesi adatsekedwa mu Marichi 2020, ndipo kuyambira Epulo 2021 ntchitoyi idapita pa intaneti. Mumalemba imelo ku ofesi imene ili ndi fayilo yanu, amakutumizirani fomu, mumaibweza mutasayina pamodzi ndi kope ya pepala lakale ndi umboni wa komwe mukukhala, kenako pepala latsopano limabwera pa imelo yomweyo kuti mukasindikize. Zidachepetsa kugona pamzere, tisakane. Koma zabweretsa minga yake. Munthu wosadziwa kompyuta amagwiritsa imelo ya mnyamata wa pa intaneti kafe, ndipo mnyamatayo akasamuka, pepala lapita naye. Wina amatumiza n'kukhala miyezi osayankhidwa. Wina pepala labwera bwinobwino, koma abwana poliona losindikizidwa pa pepala wamba, lopanda chidindo cha inki, akuliyesa lachinyengo. Ndiye khalani ndi imelo yanuyanu, pasiwedi muisunge pamtima, tumizani kukadali milungu ingapo tsiku lisanakwane, ndipo yankho lililonse limene labwera, ngakhale longoti talandira, lisindikizeni muziyenda nalo pamodzi ndi pepala lakalelo. Makope otsimikizidwa kupolisi sakhala ndi mtengo. Pepala lenileni likhale m'pulasitiki.

Zosintha za m'lamulo zimene zidayamba pa 1 Januwale 2020 zidanena kuti amene wapitirira mwezi umodzi osarinyuwa atengedwe ngati waisiya yekha nkhani yake, ndipo atha kudipotedwa. Mu Disembala 2023 khothi lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko lidafafaniza ndime zimenezo pa mlandu womwe lidabweretsa bungwe la Scalabrini la ku Cape Town. Khothi lomweli lidanenanso mu 2018, pa mlandu wa Ruta, kuti kuchedwa kukadzionetsera pakokha sikulanda munthu ufulu wopempha chitetezo. Ndipo wogwidwa pa nkhani ya mapepala ayenera kuonekera pamaso pa woweruza pasanathe maola 48, komanso sayenera kusungidwa kupitirira masiku 120 podikira kudipotedwa, kaya ndi ku Lindela, malo osungirako odikira kudipotedwa ku Krugersdorp, kapena kwina.

Pamene pali mzere wautali pamamera madobadoba, izi tidaziona kale ku maofesi a pasipoti kwathu. Bungwe la Corruption Watch lidatulutsa lipoti mu 2016 lofotokoza mmene ndalama zinkasinthira manja ku Marabastad. Dobadoba amagulitsa malo pamzere, amagulitsa nkhani yoti mukanene, amagulitsanso pepala lenilenilo. Nkhani yogula ndiyo yoopsa, chifukwa RSDO adaimva kale kambirimbiri kwa anthu ena. Pepala logula limaoneka bwino mpaka tsiku limene banki kapena kampani yafunsa ku Home Affairs, n'kupezeka kuti nambalayo ndi ya munthu wina, kapena mulibe n'komwe mu kompyuta.

Mankhwala ake si achilendo. Johannesburg ikhale ndi ofesi yake. Chigamulo choyamba chizikhala cholembedwa bwino, chifukwa chigamulo chothamangira, chongokopera mawu a fayilo ina, ndicho chimadzaza maapilo ndi makhothi. Pepala la gawo 22 lizikhala la chaka kapena kuposerapo malinga ngati boma lenilenilo ndilo likuchedwa, ndipo abwana kapena banki azitha kulitsimikiza tsiku lomwelo. Amene wadikira zaka 10 popanda yankho, mwa kulephera kwa boma, nkhani yake ingotsekedwa pomupatsa chilolezo chokhalitsa. Ndipo wokanidwa mwachilungamo, atamvedwa ndi apilo yomwe, auzidwe msanga asanakwatire, asanabereke, asanamere mizu.

Tibwere ku nkhani ya pogona, poti apa ndi pamene dziko lino lidangosiya anthu m'manja mwa Mulungu. Nyumba za RDP, zomwe boma limamangira osauka, ndi za nzika ndi okhala mpaka kalekale okha. Ndalama za SASSA, zomwe boma limathandizira ovutika, wopempha chitetezo salandira. Amalandira ndi wovomerezedwa, kupatulapo R350 ya nthawi ya Covid-19 imene khothi lidalamula mu 2020 kuti opempha chitetezo nawonso apatsidwe. Makampani akuluakulu a mafulati amafuna nambala ya chiphaso ya manambala 13, mapepala a kubanki a miyezi itatu ndi pepala la malipiro, pomwe wa gawo 22 alibe nambala yoteroyo. Amakathera pa timapepala tolembedwa pamanja tomatidwa pakhoma ku Yeoville: chipinda, theka la chipinda, khonde, malo a bedi. Pabalaza limodzi logawidwa ndi makatani pamagona mabanja atatu, mbaula imodzi yamagetsi, bafa imodzi. Amene amatolera lendi nthawi zambiri si mwini nyumba, ndi wobwereka mnzawo, ndipo iye akadya ndalamayo onse amatulutsidwa limodzi. Malo ochepa amene alipo ndi a mipingo ndi mabungwe, monga Bienvenu Shelter ya amayi ndi ana ku Bertrams. Tchalitchi cha Central Methodist pakati pa tauni, pansi pa Bishopu Paul Verryn, chidasunga anthu masauzande, ambiri a ku Zimbabwe, mpaka kumapeto kwa 2014, anthu akugona pa masitepe. Chimenecho chidali chifundo chenicheni, komanso chidali chizindikiro choti boma lathawa udindo.

Wotsika kuposa pamenepo amalowa m'nyumba zolandidwa za pakati pa tauni. Tonse tikukumbuka usiku wa pa 31 Ogasiti 2023, pamene nyumba ya Usindiso pa 80 Albert Street ku Marshalltown idapsa n'kupha anthu 76, pakati pawo Amalawi anzathu, anthu a ku Tanzania ndi eni dziko omwe. Nyumbayo idali ya khonsolo ya mzinda. Kale m'nthawi ya tsankho idali ofesi ya mapasi a anthu akuda, kenako malo osungirako amayi ozunzidwa, kenako idangosiyidwa. M'kati mudamangidwa timikhukhu ta matabwa ndi makatoni, magetsi olumikiza mwakuba, zipata zachitsulo zokhomedwa pa makonde poopa akuba, ndipo zipata zomwezo ndi zimene zidatsekereza anthu utsi utadzaza. Komiti yofufuza yotsogozedwa ndi Justice Sisi Khampepe idapeza mu 2024 kuti khonsolo idadziwa za kuopsa kwa nyumbayo kwa zaka, osachitapo kanthu. Ena mwa opulumuka adakaikidwa m'timikhukhu ta malata ku Denver, ena adagwidwa chifukwa cha mapepala. Munthu amene akudziwa kuti kukanena za mawaya oopsa kumuitanira galimoto ya Home Affairs sadzanena, ndipo moto sufunsa chiphaso cha woyandikana naye.

Pali malamulo amene amateteza wobwereka nyumba aliyense, mosayang'ana dziko lake, koma ambiri sitiwadziwa. Palibe amene angakutulutseni popanda chilolezo cha khothi. Limatero ndi gawo 26 la malamulo oyendetsera dziko pamodzi ndi lamulo la PIE la 1998. Kusintha loko, kuchotsa chitseko, kudula madzi kapena magetsi, kugwira katundu wanu chifukwa cha lendi popanda khothi, zonsezi n'zoletsedwa. Mgwirizano wapakamwa ndi mgwirizano ndithu, koma umboni wake ndi malisiti, ndiye lipirani kudzera kubanki kapena lembetsani lisiti ya mwezi uliwonse, ndipo jambulani chipindacho tsiku lolowa. Dipoziti iyenera kusungidwa mu akaunti yobereka chiwongoladzanja ndi kubwezedwa pasanathe masiku 7 ngati palibe chowonongeka. Madandaulo amapita ku Gauteng Rental Housing Tribunal, kwaulere, popanda loya. Pa mlandu wa Blue Moonlight mu 2011, wokhudza nyumba ina ya pa Saratoga Avenue, khothi lidalamula kuti khonsolo ya Johannesburg izipereka pogona pongoyembekezera kwa otulutsidwa amene alibe kolowera. Bungwe la SERI ku Braamfontein ndilo limatsatira milandu yotereyi.

Boma silikufunika kumangira aliyense nyumba. Chofunika ndi pofikira pa milungu yoyamba, malo ang'onoang'ono otsegula, mwa anthu momwemo, makamaka a amayi oyembekezera, ana oyenda okha ndi odwala, kufikira pepala litatuluka ndipo munthu wayamba kudzipezera. Kusonkhanitsa anthu m'matenti kudayesedwa kuno ku Gauteng zipolowe za mu Meyi 2008 zitapha anthu 62, ndipo misasayo idapasulidwa patangopita miyezi yochepa anthu alibe kopita. Za chipatala ndi sukulu makhothi adanena kale: mu Disembala 2019 kuti mwana asabwezedwe kusukulu chifukwa chosowa mapepala, ndipo mu Epulo 2023 kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osafika zaka zisanu ndi chimodzi azithandizidwa ulere m'zipatala za boma posatengera dziko lawo. Chotsala n'chakuti apolisi achotse magulu amene amaima pageti la kiliniki kufunsa anthu ziphaso.

Ntchito ndiyo mwini nkhani, chifukwa popanda kampu munthu amadya thukuta lake. Poyamba pepala la gawo 22 linkaletsa kugwira ntchito ndi kuphunzira. Mayi wina wa ku Zimbabwe adakamang'ala, ndipo mu 2003, pa mlandu wotchedwa Watchenuka, khothi la apilo lidati kuletsa munthu kugwira ntchito uku sukumupatsa chakudya ndi kumuvula ulemu wake, kumukankhira ku umbava kapena kupemphapempha. Mu 2014 khothi lomwelo lidauza boma la Limpopo kuti opempha chitetezo ndi othawa kwawo ali ndi ufulu wofunsira malayisensi a bizinesi, apolisi atatseka mashopu a anthu a ku Somalia ndi ku Ethiopia. Ntchito ya ulonda ndiyo ili ndi chotchinga chake: khothi lidavomereza mu 2006 kuti kulembetsa ku PSIRA, bungwe loyang'anira ntchito za ulonda, kwenikweni ndi kwa nzika ndi okhala mpaka kalekale.

Zosintha za mu 2020 zidabwezanso zinthu m'mbuyo. Ufulu wogwira ntchito sukhalanso wongobwera wokha. Lamulo limalola kuti munthu ayesedwe ngati angadzisamale miyezi inayi, limafuna kalata ya abwana pasanathe masiku 14 munthu atayamba ntchito, ndipo limalola kuchotsa chilolezocho ngati patapita miyezi isanu ndi umodzi alibe umboni wa ntchito. Amene adalemba zimenezi akuoneka kuti sadaimepo pa mphambano m'mawa kudikira bakkie ya makontirakita. Wometa tsitsi pa Rockey Street, wosoka zovala ku Fordsburg, wolondera magalimoto pa sitolo, kalata ya abwana aitenga kuti? Maiko ena amadikiritsa, inde: ku Germany miyezi itatu, ku Britain miyezi 12. Koma kumeneko boma limapereka pogona ndi kangachepe pa nthawi yodikirayo. Kutengera chiletso chawo n'kusiya chakudya chawo ndi nkhanza chabe.

Tikudziwa kuti eni dziko ali ndi dandaulo lenileni, poti ulova uli pamwamba pa 30 peresenti. Koma amene amatsitsa malipiro ndi wantchito woopa. Munthu amene pepala lake latha, kapena amene abwana amuuza kuti ukalankhula ndikuitanira apolisi, amavomera theka la malipiro, ndipo mawa lake mwini dziko akafunsira ntchito yomweyo amauzidwa mtengo womwewo. Malamulo a ntchito sasankha. Malipiro otsikitsitsa kuyambira pa 1 Marichi 2025 adali R28.79 pa ola, kuphatikizapo antchito a m'nyumba ndi a m'minda. Pa sabata ya maola 45 imeneyo idali R1,295.55, pamwezi pafupifupi R5,600. Wochotsedwa ntchito mopanda chilungamo ali ndi masiku 30 oti akasume ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pantchito, kwaulere, ndipo khothi la zantchito lidagamula mu 2008 kuti ngakhale amene chilolezo chake chatha ndi wantchito ndithu pamaso pa lamulo. UIF, thumba lothandiza amene ntchito yawathera, imadulidwa 1 peresenti kwa inu, 1 peresenti kwa abwana, ndipo opempha chitetezo, amene kale ankadulidwa koma osaloledwa kutapa chifukwa chosowa nambala ya chiphaso, tsopano amaloledwa. Vuto lofala ndi la abwana amene amaimitsa munthu tsiku limene pepala latha poopa chindapusa cha Immigration Act, pomwe wachedwa ndi Home Affairs. Apa ndi pamene timapepala ta imelo tija timagwira ntchito ku CCMA.

Mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma kuno kalumoko kamachita dzimbiri m'thumba. Namwino wa ku Bukavu kapena mphunzitsi wa masamu wa ku Asmara amayenera kupititsa masatifiketi ake ku SAQA, bungwe lounika mapepala a maphunziro, kenako ku bungwe la ntchito yakeyo, ndipo onsewo amafuna makalata ochokera ku sukulu imene mwina idapsa, kapena ku boma limene iye akulithawa. Mayeso a luso ndi chaka chimodzi chogwira ntchito moyang'aniridwa zikadatha kulowa m'malo mwa makalata amenewo.

Tsopano za ife. Amalawi ambiri amene adagwirapo asayilamu sadathawe nkhondo, tisanamizane. Adaitenga chifukwa khomo lina kulibe. Pasipoti yathu imatipatsa masiku 30. Ukapitiriza osafika mwezi amakuletsa kulowa chaka chimodzi, ukapitirira masiku 30 zaka zisanu. Viza ya ntchito idapangidwira mainjiniya ndi madokotala, osati wa m'dimba, wa m'nyumba kapena telala, ngakhale kuti dziko lino lakhala likudya thukuta la Amalawi kuyambira nthawi ya Wenela ndi Theba. Mu 2009 anthu oposa 220,000 adapempha chitetezo kuno, kuposa dziko lina lililonse chaka chimenecho, ambiri a ku Zimbabwe. Boma litawatsegulira chilolezo chapadera mu 2010, oposa 240,000 adachilandira ndipo mzere wa asayilamu udaphwa. A ku Lesotho adapatsidwanso chawo. Amalawi sitidapatsidwepo, ndipo imeneyi ndi nkhani yoti boma lathu lizikambirana ndi Pretoria mosatopa, m'malo mongotumiza mabasi zinthu zikavuta. Zingathandize ife, zingathandizenso wa ku Somalia amene fayilo yake yakwiririka pansi pa zathu, ngakhalenso Mmalawi mmodzimmodzi amene ali ndi chifukwa chenicheni choopera moyo wake.

Amene muli nalo pepalali dziwani chimene mudasayinira. Mudauza boma kuti mukuopa dziko lanu. Mukatuluka m'dziko lino popanda chilolezo, pepalalo lafa. Kupita ku ofesi ya kazembe wa Malawi kukakonzetsa pasipoti kungatengedwe ngati mwabwerera m'manja mwa boma lanu. Ndiye uthenga wa maliro ukabwera kuchokera ku Mangochi kapena ku Mzimba, munthu amaima pa Park Station ndi mapepala awiri m'chikwama amene akutsutsana, ndipo zala zimene adadinda ku Marabastad zidakali mu kompyuta.

Mu 2024, nduna ya Home Affairs ya nthawiyo, Aaron Motsoaledi, idatulutsa ndondomeko yofuna kuti South Africa ituluke m'pangano la 1951 la othawa kwawo, lomwe idalowa mu 1996 popanda kukana ndime iliyonse, kenako ilowenso itakana zina, komanso kuti maofesi asamukire kumalire. Amene akuganiza kuti kusunga anthu kumalire n'kotchipa akafunse kwathu. Malawi idalowa m'pangano lomwelo itakana ndime za ufulu woyenda ndi wogwira ntchito, ndipo lamulo lathu la 1989 lidakhazikika pamenepo. Ndife dziko lomwe lidasunga anthu a ku Mozambique oposa 1 miliyoni pa nthawi ya nkhondo yawo, ambiri m'midzi mwa anthu ku Nsanje, Dedza ndi Ntcheu. Koma mu Meyi 2023 apolisi ndi asilikali adasesa amene timangowatcha Maburundi m'matauni, kutseka mashopu awo, kuwasunga ku ndende ya Maula, ana omwe, n'kuwabweza ku Dowa. Ena a ife tidaombera m'manja pa Facebook tili ku Turffontein, mapepala athu atatha.

Dzaleka idatsegulidwa mu 1994 pamalo pomwe padali ndende ya andale m'nthawi ya Kamuzu. Idakonzedwera anthu pafupifupi 12,000, lero muli oposa 50,000, ndipo bungwe logawa chakudya la WFP lakhala likudula thandizo chifukwa ndalama za maiko opereka zikuchepa. Uganda, yomwe ikusunga othawa kwawo oposa 1.5 miliyoni, lamulo lake la 2006 limawalola kuyenda ndi kugwira ntchito, ndipo m'madera ngati Nakivale amapatsidwa kamunda. Ana amene adabadwira ku Dzaleka chaka chimene kampuyo idatsegulidwa adapitirira zaka 30 tsopano, Chichewa amalankhula kuposa ana athu obadwira ku Tembisa, ndipo lamulo silikuwalolabe kukakhala ndi kugwira ntchito ku Lilongwe, ulendo wa ola limodzi pa minibasi.